Mabokosi Ofiira ndi Mapira a Apongozi

Kwa chaka chathunthu ndinkagula zimbale za mafilimu ndilibe makina ozionerera. Mfundo yaikulu ndi imeneyo, ndipo ndaiika pamwamba monga momwe anatiphunzitsira pa ntchito ya utolankhani, kuti amene ali pa changu aseke pompano n'kumapita. Otsalanu khalani pansi, chifukwa zinthu zinaipa kuposa pamenepo.

Kwa amene nkhondoyi inawaphonya: makampani akuluakulu a kunja anagawanika pawiri pa nkhani ya chimbale chimene chilowe m'malo mwa DVD. Mbali ina inatulutsa zimbale za m'mabokosi ofiira, ina za m'mabokosi abuluu. Kukula kwake n'kumodzi, kunyezimira n'kumodzi, koma chimbale cha mbali ina sichigwira m'makina a mbali inayo. Anthu anzeru padziko lonse anapinda manja kudikira kuti aone amene agwe. Ine sindinadikire. Ndinachita kafukufuku.

Ntchito yanga ndi yotumiza nkhani za ku Livingstone ku nyuzipepala ina ya ku Lusaka: alendo achuluka ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, alendo achepa ku Mosi-oa-Tunya, njovu zagwetsa mpanda. Ndikamaliza kutumiza nkhani pa intaneti kafe ya m'tauni, nthawi yotsala ndinkaithera pa nkhondo ya zimbale. Ndinapeza kuti zofiira n'zosavuta kupanga, makina ake ndi otsikirako mtengo, ndipo chimbale chofiira chogulidwa dziko lililonse chimagwira m'makina ofiira a dziko lililonse. Zabuluu ankati zimanyamula zambiri. (Koma ndani anayamba wadandaulapo kuti filimu yamuchepera?) Ndinagamula kuti ofiira apambana, ndipo ndinakonza dongosolo limene mpaka lero ndimaliona kuti linali ndi mutu: kugula zimbale pang'onopang'ono, makinawo n'kudzagula mtengo ukatsika.

M'Livingstone monse sindinapeze sitolo yogulitsa zimbale zimenezi. Amene ankandibweretsera ndi ba Mutinta, mayi wa kasitolo ka zikwama ndi mafoni pafupi ndi msika wa m'tauni, amene amakwera basi kupita ku Joni kukaoda katundu. Ulendo uliwonse ankanditengera chimodzi kapena ziwiri, zogwiritsidwapo kale ntchito koma zosakandika. Ndikafika nacho kunyumba ndinkatsegula bokosi kamodzi, kuchiyang'ana chimbalecho padzuwa, n'kutseka. Sindinkatsegulanso. Fumbi la ku Dambwa, kumene timakhala, ndimalidziwa, limalowa ngakhale m'chitini cha shuga chotseka bwino.

Mabokosiwo ndinawakhomera shelefu pabalaza, pamwamba pa TV yathu (ija ya msana wautali, imene, kunena zoona, sikanatha kusiyanitsa chimbale chamakono ndi tepi yakale). Loweruka lililonse ndinkawapukuta ndi kansalu kawokawo. Mlendo akabwera ndinkatsitsa limodzi, kumuwerengera za kumbuyo kwake, kumuuza kutalika kwa filimuyo ndi zilankhulo zimene zilimo, kenaka n'kulibweza pamalo pake. Mkazi wanga Inonge anandifunsapo tsiku lina kuti filimu imene ndimaikonda kwambiri pa shelefupo ndi iti. Ndinamulozera. Anafunsa kuti imatha bwanji. Ndinamuuza kuti asamafunse mafunso a ndale.

Mdani wanga pa nkhondoyi anali ba Mulenga, wa nyumba yoyandikana nafe, amene amakonza mafiriji m'maloji ndi m'nyumba za olemera ku Highlands. Iwo ndi Mbemba, ine ndine wa ku Chipata, ndipo pakati pa mitundu yathu pali chimbuya, ufulu wonyozana popanda wokwiya. Atangomva kuti ndasankha ofiira, iwo anasankha abuluu pomwepo, asanadziwe n'komwe kuti nkhaniyo ndi ya chiyani. Analibe makina, analibe chimbale ngakhale chimodzi. Nkhondo yonse anaimenya ndi pakamwa, atatsamira mpanda.

"Ba mbuya," ankatero, "munthu wamene amadya mbeba angasankhe bwanji chinthu chabwino? Imwe mwazolowela kukumba pansi chabe."

Ine ndinkawayankha kuti wodya anyani asandiphunzitse za luso lamakono, akazi athu n'kumaseka uku akuyanika zovala.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, chifukwa nkhaniyi kwenikweni ndi yawo. Inonge ndi Mlozi, ndipo mayi ake atamwalira, bambo ake anabwera kudzakhala nafe kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Senanga. Anabwera ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, chikwama chimodzi, ndi chitini cha mbewu ya mapira. Mbewuyo inali ya malemu akazi awo, mapira oyera a ngala zikuluzikulu amene mayiwo ankasankha okha chaka ndi chaka chiyambire utsikana wawo. Kumudzi kunalibe wina amene anaisunga. Imene inali m'chitinimo ndi yomweyo basi.

Miyezi yoyamba anavutika. Ankakhala pampando kunja kwa chitseko atavala jekete, ngati munthu wodikira basi, ndipo mlungu uliwonse ankauza mwana wawo kuti akufuna kubwerera kwawo. Inonge ankawakaniza mofatsa, akatero n'kukalirira kukhitchini. Kumudziko kulibe wowaphikira, kulibe wowakumbutsa mankhwala, ndipo kiliniki ili kutali. Mvula itayandikira, mkulu wina wa kutchalitchi anawabwereka puloti yake yosamangidwa kumapeto kwa Dambwa North, kumene minibasi zimatembenukira. Anadzala mapira aja. Jekete linabwerera m'chikwama, ndipo za ku Senanga zinaleka kumveka.

Ine ndi iwo timalemekezana kwambiri, kutanthauza kuti sitinkalankhulana kwenikweni. M'mawa ndimanyonyomala n'kuomba m'manja monga achitira Alozi, iwo amayankha, tathana. Akafuna kanthu kwa ine ankauza Inonge, nane ndikafuna kanthu kwa iwo ndinkauza Inonge. Kangapo konse, kudzera mwa Inonge, anandiitana kuti ndikaone munda. Kangapo konse, kudzera mwa Inonge, ndinayankha kuti ndipita Loweruka. (Loweruka, mukukumbukira, ndi tsiku lopukuta mabokosi.)

Mapira atatulutsa ngala, kunabwera mbalame. Mapira oyera ndi otsekemera, ndipo mpheta zikawapeza zimaitana abale awo onse. Apongozi anayamba kuchoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, tsiku lonse ali padzuwa kuponya zibuma ndi kuomba chitini. Kukiliniki anawayeza n'kupukusa mutu: padzuwa asiye kukhalapo. Iwo anauza Inonge kuti mbalame zikamaliza mbewu ya mayi ake, ndiye kuti palibenso chowasunga m'tauni muno. Zimenezi zinandifika, ndinamva chisoni, ndipo ndinalonjeza kuti ndikafufuza pa intaneti njira zothamangitsira mbalame. Nditafika pa intaneti kafe ndinapezako nkhani ina, za mbalame n'kuiwalika.

Kumayambiriro kwa chaka chino cha 2008, ofiira anayamba kugwa. Kampani ina yaikulu ya mafilimu inawathawa, masitolo a kunja anayamba kuchotsa zimbale zawo, ndipo pamapeto pake opanga makinawo analengeza kuti asiya. Mtolankhani weniweni akanalemba mzere umodzi: nkhondo yatha. Ine ndinauza ba Mulenga pampanda kuti nkhosa yamphongo ikabwerera m'mbuyo sikuti yathawa. Iwo anati nkhosa yanga yabwerera m'mbuyo mpaka yalowa mu butchala.

Funso linali patsogolo panga: ndipitirize kugula, kapena ndileke? Ndinalitembenuza mbali zonse. Kuleka kunali kuvomera pamaso pa Mbemba, ndipo Mbemba saiwala, akanadzauza ndi zidzukulu zanga zomwe. Kupitiriza kunali kumwetsa mankhwala ng'ombe yofa kale. Ndili pakati pa ziwirizi, ba Mutinta anabwera ndi uthenga wakuti ku Joni makina ofiira akuwagulitsa pamtengo wongotaya. Ndinaona ngati kumwamba kwandiyankha. Mtengo watsika, monga ndinaneneratu. (Chifukwa chimene unatsikira sindinachiike m'nkhani.) Ndinawatuma makinawo, ndi chimbale china chowonjezera, kuti Mbemba aone kuti asilikali akadalipo.

Panthawi yomweyo zinthu zinasintha m'nyumba mwanga, ndipo ine, amene ndimadya chifukwa choona zinthu, sindinafunse kanthu. Apongozi anayamba kubwera masana kudzadya, kugona pang'ono, n'kubwerera kumunda dzuwa litapendeka. Kukiliniki anati magazi atsika. Posamba ankaimba nyimbo za kutchalitchi. M'mawa wina anandipatsa moni wautali kuposa masiku onse, n'kuwonjezera kuti, "Mukwenyani, Mulungu akudalitseni." Mukwenyani ndiye mkamwini m'Chilozi. Ndinaganiza kuti akuthokoza nsomba imene ndinagula dzulo lake.

Makina atafika ndinaitana anthu, Loweruka masana. Kunabwera ba Mulenga ndi akazi awo, aphunzitsi a mumsewu mwathu, ndi ena amene anangomva kuti kuli zakumwa. Inonge atamva za mwambowu nkhope yake inasintha. Anandifunsa ngati sitingayambe tayesa tokha awiri, popanda anthu. Ndinati ayi, chinthu chachikulu chimafuna mboni. Kenaka anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano wa amayi kutchalitchi.

Ndinalumikiza nthambo. Ndinalankhula mawu ochepa otsegulira (ena amati sanali ochepa). Ndinatsitsa bokosi loyamba, ndinalionetsa mbali zonse, ndinalitsegula.

Munalibe kanthu.

Ndinaseka pang'ono n'kunena kuti mwina ndinasokoneza poika. Ndinatsitsa lina: mulibe. Linanso: mulibe. Apa ndinasiya zoonetsa mbali zonse. Ndinatsitsira shelefu yonse pansi n'kumatsegula limodzilimodzi ngati munthu woswa mtedza wofumbwa. Timapepala ta m'kati tinalimo, tosapindika. Mabokosi anali oyera, m'ndandanda momwe ndinawasiyira. Zimbale zokha ndizo zinasowa, zonse, kupatula chatsopano chija, chimene ba Mutinta anali asanachitulutse m'katundu wawo.

Ba Mulenga anali atatsetsereka kale pampando.

"Ba mbuya, ni filimu yabwino iyi," anatero akupukuta misozi. "Pikicha yake ni yoyela maningi. Bwezani kumbuyo, paja poyamba sininamvele bwino."

Ndinawatembenukira. Ndani amene ankalowa m'nyumba muno n'kumagwiragwira mabokosi? Ndani anali ndi chifukwa chofunira kuti ofiira achite manyazi? Mafunso amenewa ndinawafunsa pamaso pa akazi awo, ndi mawu a kukhoti. Iwo anayankha kuti akanakhala akuba akanatenga mabokosiwo n'kusiya zimbale, chifukwa m'bokosi munthu akhoza kusungamo mabatani. Alendo anamaliza zakumwa zawo mwaulemu n'kumabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyamikira kuti makinawo ndi okongola.

Pamenepo inandibwerera nzeru ina (ndikuitcha nzeru chifukwa chosowa mawu ena): ba Mutinta akhala akundigulitsa mabokosi opanda kanthu. Zoti chimbale chilichonse ndinachiona ndi maso anga padzuwa ndinaziika pambali, monga umboni wosokoneza nkhani yabwino. Ndinalonga mabokosi onse m'chikwama chachikulu n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ba Mulenga ananditsatira, ati filimu sinathe.

Ba Mutinta ndinawapeza akuonetsa kasitomala foni. Ndinakhuthulira mabokosi pa kauntala n'kuyamba kuwatsegula mokweza m'mwamba kuti anthu aone. Anthu anaonadi. M'kanthawi kochepa pakhomo panadzaza ogulitsa ziboliboli, oyendetsa matakisi ndi mayi wina wa nthochi amene anatula dengu lake pansi kuti amve bwino. Ndinalankhula za chilungamo pa malonda. Ndinalankhula za kukhulupirirana. Ndinanena kuti ine ndine mtolankhani ndipo palibe chimandidutsa. (Chiganizo chimenechi, chikanakhala chinthu chogwirika, ndikanachikwirira pansi n'kudzalapo mtengo.)

Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anafunsa modekha ngati ndinayamba ndakwerapo minibasi ya ku Dambwa North mpaka kumapeto. Ndinati ndimatsikira pamsika wa ku Dambwa, kwathu ndi pomwepo, ndipo sindikuona kuti zimenezo zikugwirizana bwanji ndi nkhani ya mabokosi.

"Kwelani mufike kumapeto," anatero. "Mukauze kondakita ati, nisiyeni pa Madisiki. Onse bapaziba. Imwe ba mtolankhani ndimwe mweka simupaziba."

Woyendetsa takisi wina anavomereza kuti inde, pa Madisiki, paja pamawala ngati hotela, ndipo iye anaimapo ndi azungu amene anafuna kujambula. Mayi wa nthochi anati pali madala wina wa Chilozi, waulemu kwambiri, amene amauza aliyense wodutsa kuti zonsezo anamupatsa ndi mkamwini wake, munthu wophunzira. Palibe anaseka pomwepo. Anayamba andiyang'ana kaye, ine ndi mabokosi anga, mpaka nkhani italumikizana m'mitu mwawo. Kuseka kunabwera pambuyo, ndipo kunandiperekeza mpaka pokwerera. Ba Mutinta anandithandiza kulonga mabokosi m'chikwama, n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

M'minibasi ba Mulenga sanalankhule, kwa nthawi yoyamba chidziwireni. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Tinadutsa pamsika pomwe ndimatsikira masiku onse, ndipo ndinanong'oneza kondakitala kuti atisiye pa Madisiki. Sanafunse n'komwe kuti ndi pati.

Munda unaonekera patali. Kamphepo kankaomba, ndipo pamwamba pa mapira pankathwanima kuwala kwa mitundu yonse, uku kukazima uko kwayaka. Apongozi anali atazika timitengo m'mbali mwa munda, anakoka zingwe zosomola m'masaka a ufa kuchokera pa mtengo kufika pa mtengo, ndipo pa zingwezo pankalendewera zimbale zanga, chilichonse chomangidwa pa bowo lake lapakati, chikuzungulira. Monga mboni ndiyenera kunena: zinkagwira ntchito. Gulu la mpheta linabwera, linazungulira m'mwamba, n'kukatera mu udzu kutsidya kwa msewu. Ngala zinali zodzaza, zoweramira pansi.

Apongozi anali pamthunzi, atakhala pa chidebe, chipewa chili pabondo. Pambali pawo panali Inonge. (Msonkhano wa amayi uja unali umenewu.) Atationa, iye anaimirira msanga. Apongozi anamwetulira ndi nkhope yonse, poganiza kuti Loweruka lolonjezedwa lija lafika, mkamwini wabwera kudzaona munda. Kenaka anaona chikwama, ndi bokosi lofiira lotsegula m'manja mwanga, ndi nkhope yanga.

Inonge anafotokoza mwachangu, maso ali pansi. Tsiku lina pamene ndinkayang'ana chimbale chatsopano padzuwa, kuwala kwake kunathamanga pakhoma, nkhuku za ba Mulenga n'kubalalika, ndipo bambo ake anaona. Anamufunsa ngati mukwenyani amazigwiritsa ntchito za m'katizo. Iye anayankha zoona zokhazokha: alibe makina, sanaonerepo n'chimodzi chomwe. Iwo anatenga chimodzi kukayesa. Kenaka china. Pamene iye ankazindikira kuti shelefu yonse yasamukira kumunda, magazi anali atatsika, bambo ake akuimba posamba, ndipo analibe mtima woti anene, kwa iwo kapena kwa ine.

Apongozi anamuletsa ndi dzanja n'kulankhula okha, kwa ine, osadzera mwa mwana wawo. Chinyanja chawo ndi chapang'onopang'ono.

"Mukwenyani, mabokosi sininaononge. Ninaona ndiye yamene mukonda. Mumapukuta, mumawelenga, mumaonetsa alendo. Za mukati ninati ni monga mapepala yaja amaika mu nsapato zatsopano."

Ba Mulenga anatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa msewu.

Sindinayankhe msanga, ndipo pa zonse za tsiku limenelo kuchedwa kumeneko ndiko kumandiwawa. Apongozi anaimirira, anavala chipewa, anapita pa chingwe choyamba n'kuyamba kumasula. Chimbale choyamba anachipukuta pa malaya mosamala, mbali zonse, ndi mchenga womwe, n'kundipatsa ndi manja awiri. Kenaka anauza Inonge m'Chilozi, ndipo ndinamva ngakhale Chilozi changa n'chopunduka, kuti munthu akayamba kuononga katundu m'nyumba ya mkamwini ndiye kuti wakhalitsa. Awafunsire za basi ya ku Senanga.

"Bo Ndate," anatero Inonge, kuitana bambo ake m'Chilozi. Anangondiyang'ana.

Ndinayang'ana chimbalecho. Chinali ndi zokandika pang'ono ndi chitosi m'mphepete. Mwina chikanagwira. Mwina zambiri zikanagwira, ndipo makina anali kunyumba, olumikiza kale. Ndinayang'ana pamene anamasulapo, ndipo timpheta tinali titatera kale pa ngala (mbalame sizidikira kuti nkhani ya pabanja ithe).

Ndinagwada pamchenga, ndinaomba m'manja, ndipo ndinapereka lipoti lolondola kuposa onse amene ndinatumizapo ku Lusaka. Ndinati zimbalezi zinali pa nkhondo ndi zina zabuluu. Nkhondoyo inatha, zofiirazi zinagonja, eni ake anazisiya. Ndinati ine ndinadziwa kalekale, kungoti pakamwa pankalemera. Ndinati mwina m'dziko lonse la Zambia ndi m'munda muno mokha m'mene zimbalezi zikugwira ntchito, choncho chonde azibwezere pomwe zinali.

"Ba mbuya," anatero ba Mulenga kumbuyo kwanga, motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi, "mwati zinachita bwanji?"

"Zinagonja, ba Mulenga."

"Zikomo. Pitilizani."

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndikungowasangalatsa. Anafunsa mwana wawo ngati n'zoona. Inonge anati iye za nkhondoyo sazidziwa, koma chilowereni m'banja sanandimvepo ndikuvomera kugonja, ndiye ziyenera kukhala zoona. Iwo anatenga chimbale chija m'manja mwanga. Sanachimange okha. Anandipatsa nsonga ya chingwe n'kundionetsa kamangidwe kake, koti chimbale chizizungulira momasuka koma chisatsetsereke. Ndinalephera, anaseka, ndinayesanso. Ba Mulenga anapatsidwa ntchito yogwira mtengo, ndipo anaugwira mwaulemu ngati mbendera.

Kenaka apongozi anatiyendetsa munda wonse. Ngala zina zinali zomangidwa tinsalu, ndipo anati zimenezo ndi za mbewu, sizidyedwa. Anandionetsa m'mene malemu ankasankhira: kuyang'ana ngala yolemera, kuthothola kambewu kamodzi, kukaluma ndi mano akutsogolo, n'kumvera. Anandipatsa kuti ndilume. Sindinamve kusiyana kulikonse, koma ndinagwedeza mutu ngati katswiri, ndipo iwo anadziwa kuti sindinamve, n'kundipatsa kena. Anati mayiwo ankathamangitsa mbalame ndi mawu okha, kuimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mudzi wonse n'kumadziwa kuti mapira acha. Iwo mawu otero alibe. Chikhalire nawo m'nyumba imodzi, sitinayambe talankhulapo motalika chotero.

Tikutuluka anaima kumbali ya kum'mawa, kumene zingwe zinalipo koma zopanda kanthu, ndipo ngala zake zinali zodyekadyeka. Anatsokomola. Anayang'ana Inonge, kenaka anasintha maganizo n'kuyang'ana ine.

"Izi zogonja," anatero, "zikali kupezeka?"

Lolemba ndinapita kwa ba Mutinta ndi nkhuku yamoyo kukapepesa, pamaso pa oyendetsa matakisi omwe aja, amene anaitanizana kuti gawo lachiwiri layamba. Nkhuku analandira. Anandifunsa ngati ndabwera ndi mabokosi ena oti titsegule. Ndinawafunsa ngati ku Joni zofiira zikadalipo. Anati zili m'madengu pakhomo pa masitolo, palibe wozigwira. Ndinawatuma zonse zimene angathe kunyamula, za filimu iliyonse, zokandika zomwe, ndipo mabokosi awasiye komweko kuti katundu apepuke. Anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndatentha thupi. Kenaka anatulutsa chimbale chatsopano chija, chokhacho chimene ndikanatha kuonera. Ndinachiyang'ana padzuwa monga mwa nthawi zonse, ndipo madzulo ake chinali chikuzungulira kum'mawa kwa munda.

Makina aja ali pabalaza, amaonetsa ma DVD wamba bwinobwino, ndipo Inonge amaikamo zimbale zake za kwaya. Iye akuti phunziro la nkhaniyi ndi loti munthu akaitanidwa kumunda azipita. Ine ndikuona kuti kafukufuku wanga sanalakwe kwenikweni. Ndinati zofiira zili ndi tsogolo, ndipo zili nalo, kungoti sindinalondole bwino dera lake. Ba Mulenga ayamba kale kunena pampanda kuti zabuluu zikanathamangitsa mbalame kuposa pamenepo, ndipo ndikuvomereza kuti dzulo, nditamaliza kutumiza nkhani, ndinayamba kufufuza ngati n'zoona.

Za basi ya ku Senanga sizinamvekenso. Apongozi apempha kale mkulu wa kutchalitchi uja kuti chaka chamawa awabwerekenso ndi puloti ya pambali, ndipo iye wavomera. Ba Mutinta akuyembekezeka kufika ndi katundu Lachisanu. Loweruka m'mawa ine ndi apongozi tikamanga mbali yonse ya kum'mawa, mapira asanafike pokolola. Akuti ndipite ndi chipewa, ndipo ndisavale nsapato za ku ofesi.